Chitsulo chalowa m'thupi, nanga inshuwaransi ilipira mpaka pati?

Tikamaliza opaleshoni yoika chitsulo m'chiuno, pamatsala kantchito kamene wodwala sakaona chifukwa amakhala asanatsitsimuke. Namwino amatola mabokosi amene tatulutsamo zipangizo, n'kumatulapo timapepala tolembedwa dzina la kampani, saizi ndi nambala, n'kutimata mu faelo. Kawirikawiri timakhala tinayi: ka chitsulo cholowa m'fupa la ntchafu, ka mpira wokhala kumutu kwake, ka kambale kolowa m'chiuno, ndi ka pulasitiki woyala m'kambaleko. Kapepala kalikonse kali ndi mtengo wake. N'chifukwa chake munthu akandiuza kuti, "Adokotala musadandaule, inshuwaransi ya boma ilipira," ine mtima sukhala pansi mpaka tidziwe kuti ilipira zipangizo ziti, ndiponso kwa zaka zingati.

Mathumba a inshuwaransi ya boma salipira mofanana. Ena amaika mtengo umodzi pa opaleshoni yonse, kuphatikiza bedi, mankhwala ogonetsa, dokotala ndi chipangizo chomwe, ndipo chipatala chimadzionera chokha mmene chigawire ndalamazo. Ena ali ndi mndandanda wa zipangizo zovomerezeka, chilichonse ndi malire a mtengo wake. Mukasankha chodula kuposa malirewo, ndalama yapamwambayo imachoka m'thumba mwanu. Mabanja ambiri amadzidzimukira pamenepa, tsiku lotuluka m'chipatala, atamva kale kuti zonse zalipiridwa.

Opaleshoni ya ng'ala ikuonetsa bwino zimenezi. Kuyambira pamene dokotala wa maso Harold Ridley anaika kagalasi koyamba m'diso la munthu ku London mu 1949, opaleshoniyi yafala dziko lonse. Ku America, thumba la boma la Medicare limalipira kagalasi wamba, koma amene akufuna kothandiza kuona pafupi ndi patali pomwe amawonjezera yekha. Thumba lomweli nthawi zambiri sililipira mano oika pa chitsulo cha m'nsagwada. Mfundo yake ndi yoti ndalama za anthu onse zipite pa chimene chikubweza thanzi, ndipo chongowonjezera ubwino munthu adzigulire.

Apa ndikupemphani chinthu chimodzi: musadzione ngati akukunyozani akakupatsani chipangizo cha pa mndandanda. Chitsulo cha m'chiuno chimene dokotala John Charnley anayamba kuika pa chipatala cha Wrightington ku England mu 1962, mpira wachitsulo woyenda m'kambale ka pulasitiki, ndicho maziko a zambiri zimene tikugwiritsabe ntchito lero, ndipo khalidwe lake timalidziwa chifukwa taliona kwa zaka zambiri. Chatsopano chimakhala chisanayesedwe ndi nthawi. Mu 2010 kampani ya DePuy inachotsa pa msika mtundu wake wa ASR, wa chitsulo chokhulana ndi chitsulo chinzake, anthu pafupifupi 93,000 ataikidwa kale, chifukwa ambiri ankafunika opaleshoni yachiwiri nthawi isanakwane. Choncho wina akakuuzani kuti muwonjezere ndalama kuti mupeze chamakono, mufunseni kuti chakhala m'matupi a anthu zaka zingati, ndipo zotsatira zake zaonetsa chiyani.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi zaka za m'tsogolo. Chipangizo chikalowa m'thupi, chimatha ngati chinthu china chilichonse. Arne Larsson wa ku Sweden, munthu woyamba kuikidwa pacemaker (chipangizo chothandiza mtima kugunda moyenera) ya m'kati mwa thupi mu 1958, yoyambayo inam'gwirira ntchito maola ochepa chabe. Pofika mu 2001 pamene anamwalira, anali ataikidwapo 26. Za masiku ano n'zolimba kutalitali, komabe batire lake limatha pakapita zaka zingapo, ndipo kulisintha ndi opaleshoni inanso. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2019 anapeza kuti pa zitsulo za m'chiuno 100 zilizonse, pafupifupi 58 zimafika zaka 25 zisanasinthidwe. Kwa gogo wa zaka 75 imeneyi ndi nkhani yokhazika mtima pansi. Koma bambo kapena mayi wa zaka 45 ayenera kuyembekezera kuti mwina tsiku lina adzabwereranso pa tebulo lathu. Opaleshoni yachiwiriyo imatenga nthawi yaitali, fupa limakhala litadyeka, zipangizo zake n'zazikulu, ndipo imadula kuposa yoyamba. Bala likalowa tizilombo, nthawi zina timachotsa chitsulo chonse, kupereka mankhwala kwa masabata angapo, kenako n'kuikanso china. Kodi thumba lanu limafika mpaka pamenepo? Nanga mafizo, ndodo zoyendera, ma X-ray obwera pambuyo pake? Mwendo woikidwa chitsulo chabwino koma wosachita mafizo umauma, ndipo ndalama zonse zija zimakhala ngati zalowa m'madzi.

Mtengo wa chipangizo nawonso si wosasunthika. Mu February 2017 boma la India linaika malire pa mtengo wa stent, kawaya kotsegula mtsempha wa mtima, ndipo yokhala ndi mankhwala sinkaloledwanso kupitirira 29,600 rupees. Dziko la China mu 2020 linasonkhanitsa zofuna za zipatala zake n'kugula pamodzi, mtengo wa stent n'kutsika kuchoka pa pafupifupi 13,000 yuan kufika pa pafupifupi 700. Apa mpamene ndimaonera phindu lenileni la thumba la boma. Munthu mmodzi amene mtima ukum'pweteka sanganenerere mtengo, koma wogulira anthu mamiliyoni amamveredwa.

Ngati opaleshoni yanu si yadzidzidzi, musagone pa bedi ndi lonjezo lapakamwa. Pemphani chipatala chikulembereni dzina la opaleshoniyo, mtundu wa chipangizo ndi mtengo wake paokha, ndipo a inshuwaransi avomereze polemba tsiku lisanafike. Funsaninso ngati chipatalacho chili pa mgwirizano ndi thumbalo, chifukwa opaleshoni yomweyo ikhoza kulipiridwa pa chipatala china n'kukanidwa pa china.

Potuluka, musaiwale timapepala tija. M'maiko a European Union, kuyambira mu May 2021 lamulo limafuna kuti wodwala azipatsidwa khadi la chipangizo chimene waikidwa. Kwina kulikonse mungathe kupempha kope la tsamba lomatidwalo, kapena kulijambula pa foni. Kampani ikadzalengeza kuti mtundu wakutiwakuti uli ndi vuto, nambala imeneyo ndiyo idzakuuzeni ngati nkhaniyo ikukukhudzani. Ndipo dokotala wodzakuchitani opaleshoni yachiwiri, mwina patapita zaka 20 ndiponso pa chipatala china, adzafuna kudziwa saizi ya mpira ndi kambale asanagwire mpeni.