Makilomita a pa foni sangakufikitseni ku London

Pa ntchito yanga yogulitsa matikiti a ndege, pali masamu ena omwe abale anga a kuno ku Thyolo ndi Mulanje andikwana nawo. Munthu wafufuza pa foni, wapeza kuti kuchoka ku Blantyre kukafika ku London ndi makilomita pafupifupi 8,200. Wamvanso kuti ndege imathamanga makilomita 850 pa ola, basi wawerengera yekha kuti ndi maola khumi. Ukamuuza kuti anyamuka Lachiwiri n'kukafika Lachitatu, amayesa ukufuna kumudyera.

Makilomita amenewo ndi a mzere wowongoka, ndipo palibe ndege yonyamuka pa Chileka n'kukatera ku London osaima pena. Mukadzera ku Addis Ababa, mtunda umafika cha m'ma 8,700. Mukadzera ku Johannesburg ndiye mwayamba mwabwerera kumwera makilomita 1,350, kenaka mudutse ena oposa 9,000 kwa maola pafupifupi 11. Komabe chimene chimadya tsiku lanu ndi kudikira ndege yachiwiri pa bwalo. Nthawi yolembedwa pa tikiti nayonso ndi ya kumaloko: Addis Ababa ali patsogolo pathu ndi ola limodzi, London ali m'mbuyo ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo.

Kudikirako n'kumene madobadoba a pa WhatsApp amakolera anthu. Mayi wina wachikulire wa cha ku Luchenza, yemwe ankapita kukaona mwana wake atachira kuchipatala, nkhani yake imandiwawabe. Mnyamata wina anawalonjeza ulendo wachangu ndi wotchipa. Chimene anachita n'kugula matikiti awiri osiyana, ya ku Johannesburg payokha, ya ku London payokha, pakati n'kusiya ola limodzi ndi mphindi zochepa. Pa pepala zinkaoneka bwino zedi. Koma matikiti akasiyana chonchi, chikwama sichikutsatani chokha. Mayiwo anayenera kuima pa mzere wodinditsa pasipoti, kudikira chikwama, kuchikoka mpaka kukachiperekanso kwina, munthu woti pa bwalo lalikulu chonchija anali asanapondepo. Pomwe amafika, anali atatseka kale. Tikiti yachiwiri inafera pomwepo, ufa ndi chambo chouma zili m'manja, foni ya mnyamata uja yosapezekanso. Ikanakhala tikiti imodzi ya ulendo wonse, ndege yoyamba n'kuchedwa, kampani ikanawakweza ina popanda kulipiranso.

Choncho mukaona maola anayi odikira, musandiuze kuti ndiwadule. Sindidula.

Kuchedwa kwina kumayambira kwathu konkuno. Munthu wa pa Chitakale amawerengera ulendo kuyambira pa Chileka, kuiwala minibasi yodikira kudzaza, chifunga cha chiperoni pa Bvumbwe ngati wadzera ku Thyolo, ndi mdipiti wa magalimoto mu Limbe. Polandirira katundu amatseka ndege isananyamuke, nthawi zambiri ola lathunthu, ndipo sachonderereka. Ngati ndege yanu ndi ya m'mawa, kagoneni kwa achibale ku Blantyre.

Za pepala la ulendo lomwe wogulitsa matikiti wakutumizirani pa foni: zilembo ndi manambala zisanu ndi chimodzi zimangosonyeza kuti malo anasungidwa, ndipo akapanda kulipiridwa amafufutika okha. Tikiti yolipiridwa imakhala ndi nambala ya manambala 13. Ngati simukuiona, imbirani kampani ya ndegeyo lero lomwe, musanatsanzike ku mpingo ndi kugulitsa mbuzi ina.