Chambo kapena bream? Mkangano wa pa Soweto

Pa msika wa Soweto mu Lusaka mkangano uwu sukutha. Munthu wochokera ku Mangochi akaona nsomba zili ndandanda pa thebulo amati ndi chambo. Mayi wogulitsa, uku akupitikitsa ntchentche, amayankha kuti, "Iyayi atate, iyi ni bream ya ku Kafue." Kawirikawiri onse awiri amakhala ataphonya.

Nsombazi ndi za banja limodzi lomwe akatswiri amalitcha Oreochromis, la mitundu yoposa 30. Yaimuna imakumba chisa mumchenga, yaikazi n'kutola mazira kuwasunga m'kamwa mpaka tiana titaswa. Khalidwe limeneli ndi lina mwa zomwe katswiri wa nsomba Ethelwynn Trewavas anatsamirapo mu 1983 pozipatula ku abale ake osiya mazira pachisa.

Chambo chenicheni ndi mitundu itatu yokha: karongae, squamipinnis ndi lidole, ndipo kwawo ndi nyanja ya Malawi, Malombe ndi kumtunda kwa Shire. Mu 2018 bungwe loteteza zachilengedwe la IUCN linaiika yonse itatu m'gulu la nsomba zotsala pang'ono kutha. Ndiye wokugulitsani chambo chotchipa muno mu Lusaka mumuyang'ane kawiri.

Kuno tinali ndi zathu. Ku Kafue kuli andersonii, ya madontho atatu m'nthiti, ija anthu amaitcha Kafue bream, komanso macrochir ya mutu wobiriwira. Ku Zambezi kunali mortimeri, ku Mpulungu kuli tanganicae.

Zinthu zinasokonekera m'zaka za m'ma 1980, alimi a nsomba atabweretsa niloticus, tilapia ya ku Nile, chifukwa imakula msanga. Sindiwadzudzula kwambiri, mlimi aliyense amafuna chokolola. Koma nsomba simangidwa chingwe. Zinathawa m'madamu a cha ku Mazabuka n'kulowa mu Kafue, zinayamba kuswana ndi andersonii, moti lero msodzi amavuula nsomba yosadziwika bwino mtundu wake. Ku Kariba mlendoyu analanda mudzi, mortimeri anachita kusowa. Zambiri zofika mu Lusaka m'magalimoto ozizira kuchokera m'makola a pamadzi ku Siavonga ndi niloticus yemweyo.

Ine pogula ndimayamba ndatambasula chipsepse cha kumchira. Chikakhala ndi timizeremizere takuda totsatana, ndimadziwa kuti ndi ya ku Nile, kaya mayi alumbire motani kuti yachokera ku Kafue. Ndimagulabe, chifukwa ndi yomwe thumba langa limakwanitsa.