Kodi n'kuchuluka kwathu kumene kukutisaukitsa?

Pa misonkhano ya chitukuko kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje sipalephera munthu woimirira n'kunena kuti tikusauka chifukwa tikuberekana kwambiri. Anthu amavomera ndi mutu, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ntchito yanga ndi ya kalembera ndi kafukufuku wa mmene mabanja akukhalira, ndipo ndimaona kuti mawu amenewa ali ndi kachoonadi ndithu, koma amaika chotsatira pamalo pa choyambitsa.

Mu Novembala 2022 bungwe la United Nations lidalengeza kuti anthu padziko lapansi takwana 8 biliyoni. Oposa theka ali ku Asia, ndipo India ndi China, lililonse palokha, lili ndi anthu oposa 1.4 biliyoni. Kuno kwathu kalembera wa 2018 adapeza anthu 17.5 miliyoni, pomwe mu 1966 tidali pafupifupi 4 miliyoni. Chikwawa idali ndi anthu oposa 560,000, Nsanje pafupifupi 300,000. Tikuchuluka mofulumira, palibe angatsutse.

Koma taonani dziko la Bangladesh, lomwe m'njira zambiri lifanana ndi chigwa chathuchi. Kukula kwake n'koposa Malawi pang'ono chabe, koma mumakhala anthu oposa 160 miliyoni. Ndi dziko la chidikha, pomwe mitsinje ya Ganges ndi Brahmaputra imathira m'nyanja, ndipo madzi amasefukira chaka ndi chaka. Mu 1970 namondwe mmodzi adapha anthu pafupifupi 300,000 m'dera limenelo. Mu 2020 kutabwera namondwe wa Amphan, adasamutsa anthu oposa 2 miliyoni nthawi isanathe, ndipo omwalira m'dzikomo sadakwane 50. Anthu adali atachuluka kuposa kale, mphepo sidachepe mphamvu. Chidasintha ndi nyumba zothawirako zomangidwa pa zipilala zazitali, zomwe masiku wamba zimakhala masukulu, komanso anthu ongodzipereka oyenda khomo ndi khomo ndi zimkuzamawu. Amene adakhalapo pa mtengo usiku wonse madzi atasefukira ku Makhanga mu Januwale 2015, kapena adathawa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, akudziwa bwino phindu la zinthu ziwirizi.

Za ana nazo. M'zaka za m'ma 1970 mayi wa ku Bangladesh ankabereka ana asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awiri. Lero ndi awiri. Sadayambe n'kukalipira amayi. Ana adayamba kaye kupulumuka ku matenda otsegula m'mimba, makamaka chifukwa cha madzi a mchere ndi shuga aja timapatsidwa kuchipatala m'timapaketi. Atsikana a kumudzi ankalandira kangachepe kuti asasiye sekondale. Kenaka mafakitale osoka zovala adalemba ntchito akazi ambirimbiri. Chiwerengero cha ana m'mabanja chidayamba kuchepa.

Mayi wa kutsidya kwa Shire amene waikapo ana awiri chifukwa cha malungo, alibe penshoni, ndipo chipatala chili kutali nyengo ya dzinja msewu ukaduka, sakulakwitsa masamu akamafuna ana asanu ndi mmodzi. Kwa iye ana ndiwo nkhokwe ya muukalamba. Manambala athu a ku Malawi akusonyeza zomwezo. Kafukufuku wa zaumoyo wa 1992 adapeza kuti pa ana 1,000 obadwa, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu, ndipo amayi ankabereka ana pafupifupi asanu ndi awiri. Pofika 2015 ndi 2016 ana omwalira adatsika kufika 63, ndipo ana obadwa kwa mayi mmodzi adatsika kufika pa 4.4. Njira zakulera zidathandiza kwambiri, inde, koma munthu amazilandira ndi mtima wonse akaona kuti ana amene ali nawo akula.

Chimene chimalemetsa katundu wathu ndi misinkhu. Theka la Amalawi sadakwanitse zaka 18. Ku Japan theka la anthu lidapitirira zaka 45. Ndiye kuti kuno munthu mmodzi wogwira khasu kapena wopalasa kabaza pa Nchalo akudyetsa pakamwa pambiri, ndipo boma likufunika makalasi atsopano chaka chilichonse kuti tingokhala pomwe tidali. Anzathu olemerawo ali ndi mutu wawo wowawa. Ku South Korea mu 2023 chiwerengero cha ana pa mayi mmodzi chidatsika kufika 0.72, masukulu a kumidzi akutsekedwa, ndipo akusowa achinyamata osamala nkhalamba. Dziko lomweli mu 1960 lidali losauka, mabanja ali ndi ana asanu ndi mmodzi.

Poyerekeza maiko, a United Nations kuyambira 1990 amagwiritsa ntchito muyeso womwe adauyambitsa katswiri wa zachuma wa ku Pakistan, Mahbub ul Haq. Umaphatikiza zinthu zitatu: zaka zomwe munthu akuyembekezeka kukhala ndi moyo, maphunziro, ndi ndalama. Maiko monga Norway ndi Switzerland amakhala pamwamba, Malawi chakumunsi. Mwana wobadwira ku Japan akuyembekezeka kupitirira zaka 80. Wathu, zaka 60 ndi zingapo.

Muyeso umenewu ndi wothandiza, koma umapereka nambala imodzi ya dziko lonse, ndipo nambala imodziyo imabisa zambiri. Yendani mu Okutobala kuchokera pa Thabwa kulowera ku Ngabu. Mbali ina nzimbe zili biriwiri, madzi akuwaza usana wonse. Mukangodutsa mpanda, dothi lang'aluka, mapesi a mapira adatha kale ndi ng'ombe, ndipo mtsikana wa yunifolomu wasenza chigubu kuchokera ku mjigo. Dzuwa ndi limodzi, Shire ndi yemweyo. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi ku Kapichira mu Januwale 2022, dziko lonse lidadandaula ndi mdima, koma m'midzi yambiri yoyandikana ndi Kapichirayo usiku sudasinthe, poti magetsiwo sadalowemo n'kale.

N'chifukwa chake ngalande yaikulu ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira, yomwe cholinga chake n'kuthirira mahekitala oposa 40,000, ine ndimaiona ngati nkhani ya chiwerengero cha anthu, osati ya ulimi wokha. Banja lokolola kawiri pachaka silifulumira kukwatitsa mtsikana wa Fomu 2 kuti lilandire chuma cha lobola. Koma zimenezi zitengera dzina lomwe lalembedwa pa munda madzi akamafika. Mafumu ndi makomiti a m'midzi afunse msanga kuti amayi amasiye ndi achinyamata opanda malo alembedwa pati m'makopaletivi a alimi olandira madziwa, ngalande zing'onozing'ono zisanagawidwe.