Pogula waya wamagetsi osamangoona kunenepa kwake, onaninso chimene chaukuta

Anthu ambiri akafuna waya funso lawo limakhala limodzi basi, ndigule wa 1.5 kapena wa 2.5? Funsolo ndi labwino ndithu, 1.5mm² timaika ku mababu, 2.5 ku masoketi, kuka yophikira imafuna 6 kapena kuposa. Koma ife ogwira ntchito ya mawaya chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi pulasitiki yokuta mkuwawo, chifukwa ndi imeneyo imayamba kufa, mkuwa wokha utha kukhala zaka zambirimbiri uli bwinobwino.

Mawaya ambiri a mnyumba amakutidwa ndi PVC. Ndiyotchipa, imasendeka bwino, siyaka msanga, koma malire ake ndi madigiri 70. Mkuwa ukamatentha kupitirira pamenepo tsiku ndi tsiku, mankhwala amene amafewetsa PVC amachoka pang'onopang'ono, imauma, imayamba ming'alu, kenako live ndi neutral akhudzana ndiye shoti ija, ndipo nthawi zambiri zimachitikira kudenga kapena mkhoma komwe simukuona. Nchifukwa chake waya yemweyo wa 2.5 sanyamula maampu ofanana paliponse, amene ali poyera pomwe mphepo ikudutsa amapirira zambiri kuposa amene mwamupanikiza mupaipi imodzi ndi anzake ambirimbiri pamalo potentha kale. Dzuwa nalonso ndi mdani wake, waya woyera kapena wotuwa uja wa mnyumba chonde osamuyendetsa panja popanda paipi.

Vuto lina la PVC anthu sakonda kulikamba. Ikapsa imatulutsa utsi wakuda bii wokhala ndi hydrogen chloride, ndiye mpweya umenewu ukakumana ndi chinyezi cha mmaso ndi mmapapo umasanduka asidi, munthu sangaone khomo komanso akulephera kupuma. Apa ndi pomwe pamabwera mawaya a LSZH, amene akapsa utsi wake ndi wochepa ndipo mulibe chlorine. Mzipatala, mmasukulu, mmahotela, paliponse pomwe anthu ambiri amatulukira khomo limodzi, ine ndimaona kuti LSZH siyofunika kuchita kukambirana ayi. Mizere ya alamu yamoto imafunanso zoposa apo, kuli mawaya okutidwa ndi ufa wa magnesium oxide mkati mwa paipi yamkuwa amene amagwirabe ntchito moto uli lawilawi.

Makebulo akuluakulu, ochokera ku transformer kapena odutsa pansi pa nthaka, masiku ano ambiri ndi a XLPE. Imeneyi ndi pulasitiki ya polyethylene imene anaimanga mwanjira yoti isamasungunuke ikatentha, imagwira ntchito mpaka madigiri 90 ndipo pakachitika shoti imapirira 250 kwa masekondi ochepa pomwe PVC imathera pa 160. Kale ntchito imeneyi inkagwiridwa ndi pepala loviika mmafuta lokutidwa ndi mtovu, ena mwa makebulo amenewo adakalipo pansi mmizinda yakale. Wokwirira pansi akhale SWA, uja wozengedwa ndi mawaya achitsulo kuti khasu kapena mwala usafike mkati. Koma chitsulocho chilumikizidwe ku earth kudzera pa gland, kachitsulo kogwira kebulo pomwe ikulowa mubokosi, kupanda apo kebulo ikabooka chitsulo chonse chimasanduka live.

Zoyendayenda ngati makina owotcherera zitsulo ndi jenereta zimafuna waya wa labala wokhala ndi timawaya tambirimbiri mkati, wolimba uja wa mkhoma ukamapindidwa pafupipafupi umathyoka. Sola nayo ili ndi waya wakewake wopirira dzuwa komanso magetsi a DC amene mapanelo amatulutsa, osangotenga wotsala pomanga nyumba.

Nanga aluminiyamu? Siyoipa. Imadutsitsa pafupifupi 61 peresenti ya magetsi amene mkuwa wonenepa chimodzimodzi umadutsitsa, koma ndiyopepuka kwambiri, ndiye mmapolo ndi imeneyo yadzaza. Imavuta polumikiza, imachita dzimbiri losaoneka lomwe limatchinga magetsi, joini imayamba kutentha, ndipo ikakumana ndi mkuwa pamafunika ma lug a bimetal, tizitsulo tolumikizira tokhala ndi aluminiyamu mbali ina, mkuwa mbali inayo. Chimene chimandipweteka mtima ndi waya wa aluminiyamu wopakidwa mkuwa pamwamba nkumagulitsidwa ngati mkuwa weniweni. Mumayesa mwaika 2.5 chonsecho ukunyamula ngati 1.5, breka siikudziwa zimenezo, PVC ndi imene ikupsa. Musanalipire dulani kachidutswa mupale ndi mpeni, mkati mukayera ngati siliva ubwezeni, muwerengenso zolembedwa pakhungu la wayayo, saizi, mavolti ndi mtundu wa chokutira ziyenera kuoneka pamenepo.