Nthambi ikanyanyala, amalipira ndani?

Kumayambiriro kwa chaka cha 1972, onyamula katundu padoko la Liverpool ku England anapangana zosakhudza malole a kampani ya Heatons Transport ya ku St Helens. Nkhani inagona pa makontena. Katundu amene kale ankapakiridwa padoko ndi manja awo anayamba kulongedzwa kumtunda ndi anthu ena, ndipo ntchito zapadoko zinkatha. Amene anatsogolera kunyanyalaku sanali akuluakulu a bungwe lawo la Transport and General Workers' Union ku London, koma atsogoleri apamalo, osankhidwa ndi anzawo padoko pomwepo.

Heatons sinalimbane ndi anthu apadokowo. Inasumira bungwe, kumene kunali thumba la ndalama.

Njira imeneyi inali yakale. Mu 1901, khoti lalikulu la House of Lords linagamula kuti bungwe la ogwira ntchito za njanji likhoza kusumiridwa m'dzina lake chifukwa cha sitiraka ya pa Taff Vale Railway ku Wales, imene anaiyamba ndi anthu akumeneko. Chipukuta misozi chinali mapaundi 23,000, ndipo kuphatikiza zolipira pa mlandu zinafika pafupifupi 42,000. Mabungwe anakwiya, naponya mphamvu zawo pa ndale. Pachisankho cha 1906 chipani cha Labour chinapeza aphungu 29, ndipo chaka chomwecho lamulo la Trade Disputes Act linatchinga thumba la mabungwe ku milandu yotere. Mpandawo unakhala zaka 65, mpaka boma la Edward Heath linaugumula ndi lamulo la 1971.

Pa mlandu wa Heatons uja, khoti latsopano la za ntchito, pansi pa Sir John Donaldson, linaika chiletso pa kunyanyalako. Apadoko sanamvere. Bungwe linalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 5,000, kenako ena 50,000. Koma pa apilo, woweruza Lord Denning ndi anzake anati atsogoleri apamalo amaimira anzawo amene anawasankha, osati bungwe, choncho bungwe lilibe mlandu.

Chigamulochi chinaoneka chokomera apantchito, koma chinabala zina. Ngati bungwe silingagwidwe, ogwidwa ndi anthu eniakewo. Mu July, apadoko asanu a ku London anatsekeredwa kundende ya Pentonville chifukwa chonyozera chiletso pa mkangano wina wa makontena. Madoko anaima, ogwira ntchito ena zikwizikwi nawonso anataya zida.

Pa 26 July, House of Lords inapereka chigamulo chake pa mlandu wa Heatons, mofulumira mosazolowereka. Oweruza anati malamulo ndi chizolowezi cha bungwelo zinkapatsa atsogoleri apamalo mphamvu zoyambitsa kunyanyala, ndipo kungowalangiza kuti asiye sikunali kokwanira. Bungwe linayenera kuwalanda mphamvuzo. Tsiku lomwelo asanu aja anatulutsidwa. Ine ndimaona kuti oweruza anazindikira kuti kulanga thumba kulibe phokoso ngati kutsekera munthu.

Lamulo la 1971 linafafanizidwa mu 1974, koma boma la Margaret Thatcher linabwezeretsa mwayi wosumira mabungwe mu 1982, n'kuika malire a mapaundi 250,000 pa chipukuta misozi chimene mabungwe akuluakulu angalipitsidwe. Mu 1990 anawonjezera kuti zochita za mtsogoleri wapamalo ndi za bungwe, pokhapokha akuluakulu atazikana msanga polembera kalata mamembala okhudzidwa. Kalatayo ikatuluka, wopitiriza kunyanyala akhoza kuchotsedwa ntchito osakhala ndi kokadandaula. Mu 2022 malire aja anakwezedwa kufika pa mapaundi 1 miliyoni.