Chala chachikulu cha Wes Montgomery

Woimba gitala aliyense amene waphunzirapo jazi amadziwa kuti mawu a Wes Montgomery sasokonekera ndi a wina, chifukwa iye ankakhudza nsambo ndi mnofu wa chala chachikulu cha dzanja lamanja, osati ndi kapulasitiki kamene anzake ambiri amagwiritsa ntchito. Kapulasitiki kamatulutsa mawu akuthwa, pomwe chala chimatulutsa mawu ofewa ndi onenepa. Zimanenedwa kuti anazolowera zimenezi poyeserera usiku kunyumba, pofuna kuti asasokoneze anthu ogona.

Montgomery anabadwira ku Indianapolis, ku America, mu 1923, ndipo gitala ya nsambo zisanu ndi imodzi anaiyamba ali kale mnyamata wamkulu, pomvetsera ndi kuloweza zimene Charlie Christian, katswiri wa gitala wa jazi, ankaimba m'zimbale. Manotsi sankawerenga. Kuyambira 1948 mpaka 1950 anayenda ndi gulu la Lionel Hampton, kenaka anabwerera kwawo, kumene masana ankagwira ntchito m'fakitale kuti adyetse banja lake lalikulu, usiku n'kumaimba m'malo achisangalalo. Anakhala choncho zaka pafupifupi khumi, mpaka mu 1959 pamene Cannonball Adderley, woimba saksofoni, anamumva ndipo anakauza Orrin Keepnews wa kampani yojambula nyimbo ya Riverside kuti amujambule.

Chimbale cha mu 1960, The Incredible Jazz Guitar of Wes Montgomery, chimene anajambula ndi Tommy Flanagan pa piyano, Percy Heath pa besi ndi Albert Heath pa ng'oma, ndicho ndimauza ophunzira kuti ayambe nacho. Mukamvetsera nyimbo ya West Coast Blues mudzaona dongosolo limene ankalikonda akamaimba yekha: amayamba ndi noti imodziimodzi, kenaka amaimba noti yomweyo pa nsambo ziwiri nthawi imodzi, ina yam'munsi ina yam'mwamba, ndipo pomaliza amalowa m'makodi athunthu, kutanthauza manoti angapo olira pamodzi. Gawo lachiwirilo ndi lovuta kuposa mmene limamvekera, chifukwa pakati pa nsambo ziwirizo pali nsambo ina imene chala chakumanzere chiyenera kuigonera pang'ono kuti isalire, ndipo dzanja lonse liyenera kutsetsereka pa khosi la gitala zala zisanasinthe kaimidwe kake. Choncho nyimbo imanka ikulirakulira popanda kuwonjezera phokoso.

Amene akufuna kumumva akuimba pamaso pa anthu afunefune Full House cha mu 1962, chojambulidwa ku Berkeley, ndi Smokin' at the Half Note cha mu 1965, zonse ziwiri ali ndi Wynton Kelly pa piyano, Paul Chambers pa besi ndi Jimmy Cobb pa ng'oma.

Riverside itagwa mu 1964, Montgomery anapita ku kampani ya Verve, kenaka ya A&M, kumene Creed Taylor, woyang'anira ntchito yojambula zimbale, anamuika patsogolo pa magulu akuluakulu a malipenga ndi mavayolini kuti aziimba nyimbo zotchuka za nthawiyo. Chimbale cha Goin' Out of My Head chinamupezetsa mphoto ya Grammy, ndipo A Day in the Life cha mu 1967 chinagulidwa kwambiri. Okonda jazi ambiri anadandaula kuti luso lake lakwiririka, ndipo pamenepo sindikuwatsutsa, chifukwa m'zimbale zimenezi nthawi zambiri amangoimba mutu wa nyimbo pa nsambo ziwiri zija n'kusiyira pomwepo. Komabe sindingamudzudzule chifukwa chovomera ntchito yolipira bwino, poti anali bambo wa ana asanu ndi awiri ndipo anali atakhala zaka zambiri osagona tulo tokwanira. Anamwalira ndi matenda a mtima ku Indianapolis pa 15 June 1968, ali ndi zaka 45.