Mapointi a khadi ya ngongole angalifikitse pati banja lopita kumudzi?

Mwezi wa Ogasiti ukangofika, Amalawi anzanga okhala ku Britain amayamba kundifunsa funso lomwelomwelo: "Kodi mapointi a pa khadi angatithandize kupita kumudzi pa Khrisimasi?" Wofunsayo amakhala ndi banja la anthu anayi kapena asanu, waona mtengo wa matikiti a Disembala, mutu wazungulira. Pa ntchito yanga yolangiza anthu za ndalama ndinazolowera kuyankha mosabisa: mapointi amathandiza, koma wofunsa mu Ogasiti wachedwa, ndipo ngati khadi yake ili ndi ngongole yogonera mwezi ndi mwezi, mapointiwo akumudyera ndalama m'malo momupulumutsira.

Mapointi sagwa kumwamba. Mukagula chinthu ndi khadi, mwini sitolo salandira ndalama yonse. Kagawo kena kamapita ku banki yomwe inakupatsani khadiyo. Pa kagawo kameneka, kuphatikiza chiwongola dzanja cha anthu ochedwa kubweza ndi ndalama yolipirira khadi pachaka, banki imatapapo pang'ono n'kukubwezerani ngati mapointi. Ku Britain, kuyambira 2015 lamulo linaika malire akuti kagawo ka banki pa makhadi wamba a ngongole kasapitirire 0.3 peresenti. Ku America malire amenewa kulibe. N'chifukwa chake anthu amene mumawaona pa YouTube akuuluka banja lonse ndi mapointi okha amakhala a ku America. Mphika wawo ndi waukulu, wathu ndi kachikombe. Musamadziyerekeze nawo.

Khadi imene ambiri amandionetsa ndi ya American Express yogwirizana ndi British Airways, yomwe imapereka mapointi otchedwa Avios. Yosalipira pachaka imapatsa Avios imodzi pa paundi iliyonse imene mwagulira zinthu. Ina, ya Premium Plus, imapatsa imodzi ndi theka, koma mumailipirira £300 pachaka. Makampani amasintha ziwerengerozi akafuna, choncho muziziwerenganso musanasaine. Ine powerengera ndimati Avios imodzi ikhale ngati peni imodzi. Banja limene ladutsitsa £15,000 pa khadi yosalipirayo m'chaka chonse, pogula chakudya, mafuta a galimoto, nsapato za ana ndi inshulansi, lapeza Avios 15,000. Ndiye kuti pafupifupi £150.

Tsopano onani mbali inayo. Makhadi ambiri a ngongole ku Britain amalipitsa chiwongola dzanja choposa 20 peresenti pachaka. Tiyerekeze kuti yanu ili pa 24 peresenti, ndipo mwasiya £2,000 yosabweza chaka chonse. Chiwongola dzanja chokha chifika pafupifupi £480. Mwalipira £480 kuti mulandire £150. Kumudzi munthu wotenga katapila amadziwa kuti watenga katapila; khadi imakunyengani chifukwa imabwera ndi mphatso m'manja. Lamulo langa kwa aliyense ndi limodzi: uzani banki kuti izidula yokha ndalama yonse ya pa khadi mwezi uliwonse, osati kachigawo kochepa kaja kamene amalemba kuti ndi kokwanira. Ngati malipiro anu sangalole zimenezo, nkhani ya mapointi iyembekeze kaye.

Pali msampha wina umene umagwira ife makamaka. Timatumiza ndalama kumudzi pafupipafupi: fizi, feteleza, malata, chipatala. Wina amaganiza kuti akatumiza ndi khadi ya ngongole apezerapo mapointi. Mabanki ambiri amaona kutumiza ndalama ngati kutapa ndalama pa makina. Sapereka mapointi, amadula kandalama kapadera, ndipo chiwongola dzanja chimayamba kuwerengedwa tsiku lomwelo. Potumiza ndalama gwiritsani ntchito khadi ya akaunti yanu ya malipiro.

Phindu lenileni la khadi ya British Airways silili pa mapointi a tsiku ndi tsiku, lili pa chiphaso chotchedwa Companion Voucher. Mukafikitsa £15,000 pa khadi m'chaka chimodzi, mumapatsidwa mwayi woti anthu awiri akwere ndi Avios za munthu mmodzi. Pa khadi yosalipira chiphasochi chimagwira ntchito chaka chimodzi ndipo ndi cha mipando wamba yokha. Pa Premium Plus chimakhala zaka ziwiri. Bambo ndi mayi akakhala ndi khadi aliyense yake, ziphaso zimakhala ziwiri, anthu anayi n'kukwera ndi Avios za awiri. Koma zikufuna kuti nyumbayo idutsitse £30,000 pa makhadi, ndipo si nyumba iliyonse imene imagula zinthu zochuluka choncho. Ndaonapo anthu akugula sofa yomwe samaifuna kuti akwanitse chiwerengero. Sofa ija imadula kuposa tikiti.

Misonkho ndi zolipira zina za ndege zimafunabe ndalama zenizeni pa munthu aliyense, ngakhale wokwera ndi chiphaso. Pamenepa ana amapepukitsako: mwana wosakwana zaka 16 salipira msonkho wa ku Britain wa okwera ndege wotchedwa Air Passenger Duty akakhala pa mpando wamba, ndipo khanda losakwana zaka ziwiri lokhala pamiyendo limalipiridwa 10 peresenti yokha ya Avios za munthu wamkulu. British Airways imalolanso anthu mpaka asanu ndi awiri okhala nyumba imodzi kuphatikiza Avios zawo mu akaunti ya banja, ana omwe. Ambiri salembetsa ana, ndiye maulendo a anawo amangopita osasiya kanthu.

Chimene chimavuta ndi mipando. Ndege iliyonse imapatula mipando yochepa yogulidwa ndi mapointi, ndipo British Airways imaitsegula masiku 355 ulendo usanachitike. Ya tchuthi cha Khrisimasi yopita ku Johannesburg imatha msanga, chifukwa a ku South Africa, Zimbabwe ndi Zambia onse akuiyang'ana. Wofuna kupita Disembala ayenera kusaka mu Januwale, ali ndi Avios zake kale m'manja. Mpando umodzi ungapezeke mochedwa. Koma mipando isanu pa ndege imodzi mutayamba kusaka mu Ogasiti, iwalani. Ngati ana anu angapirire kuzizira kwa Julayi ku Dedza kapena ku Mzimba, tchuthi chachikulu cha sukulu chimakupatsani masabata asanu ndi limodzi oti musankhemo tsiku, pomwe cha Khrisimasi ndi masabata awiri okha.

Ndiye pali vuto limene ena amalizindikira atasonkhanitsa kale mapointi: British Airways sifika ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Imakutulani ku Johannesburg kapena ku Nairobi. Kuchoka pamenepo mufunika tikiti ina, ya Airlink, Malawi Airlines kapena Kenya Airways, ndipo kaulendo kakafupi kameneka sikatchipa. Muchulukitse ndi anthu asanu muone. Matikiti akakhala awiri osiyana, ndege yoyamba ikachedwa yachiwiri sikudikirani ndipo palibe amene ali ndi udindo wokusakirani ina. Masutikesi mumawatola nokha pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg n'kukawaperekanso, uku mwana ali kumbuyo wina akulira njala. Kalemeredwe ka katundu kololedwa pa tikiti yachiwiri kangakhalenso kochepa, ndipo tonse tikudziwa kuti wochokera kunja salowa m'mudzi ndi kachikwama kamodzi. Ndimalangiza kusiya maola ambiri pakati pa ndege ziwirizo, kapena kugona usiku umodzi, ndipo mtengo wa hotelo nawo uwerengedwe.

Musanasankhe, tengani pepala. Mbali imodzi lembani mtengo wa matikiti onse pa Ethiopian Airlines kudzera ku Addis Ababa kapena pa Kenya Airways kudzera ku Nairobi, tikiti imodzi mpaka kwathu. Mbali inayo lembani misonkho ya matikiti a Avios, matikiti a kuchoka ku Johannesburg, katundu woonjezera, hotelo ndi ndalama yolipirira khadi. Kusiyana kwake ndiko kumene mapointi anu akupulumutsirani. Nthawi zina kumakhala mapaundi mazana angapo, nthawi zina kulibe. Kukakhala kulibe, gulani matikiti ndi ndalama, Avios muzisungire kaulendo ka ku Spain kapena Portugal. Sizitha bola mu akaunti mulowe kapena mutuluke kanthu pa miyezi 36 iliyonse. Matikitiwo muwalipirebe ndi khadi ya ngongole, kuchokera ku kampani ya ndege yeniyeniyo: Section 75 ya lamulo la Consumer Credit Act la 1974 imati pa chinthu cha mtengo woposa £100 mpaka £30,000, banki ili ndi udindo pamodzi ndi wogulitsa ngati ntchitoyo sinachitike.

Amene ali ku South Africa masamu awo ndi osavuta. Ma eBucks khumi, omwe ndi mapointi a banki ya FNB, ndi randi imodzi, Discovery Miles khumi a kampani ya Discovery ndi randi imodzinso, ndiye phindu limaoneka poyera popanda kusaka mipando yapadera. Kwa amene ali ku Malawi, komwe makhadi a ngongole ali ndi anthu ochepa ndipo ambiri timalipira ndi Airtel Money kapena Mpamba, njira yomwe ilipo ndi ShebaMiles, ndondomeko ya mapointi ya Ethiopian Airlines. Kulembetsa n'kwaulere, ndipo popeza Ethiopian ili mu Star Alliance, mgwirizano wa makampani a ndege, nambala yomweyo mukhoza kuipereka mukakwera South African Airways kapena Lufthansa.

Ine Avios zanga sindizithera pa tchuthi. Ndimasiyako zokwanira mpando umodzi wopita ku Johannesburg kapena ku Nairobi, chifukwa uthenga wa maliro subwera masiku 355 zinthu zisanachitike. Umabwera pa WhatsApp usiku, tikiti ya mawa lake ili pa mtengo wokwera kwambiri, ndipo wopita amakhala mmodzi. Nthawi ngati imeneyo makampani a ndege ena amakhala atatulutsa mipando yotsala kuti igulidwe ndi mapointi, ndiye ndimayamba ndayang'ana kumeneko ndisanakhudze ndalama zomwe zikufunikanso kukagula bokosi ndi ufa.